Ka ® kameneko kanandichititsa manyazi pagulu

Achemwali, mwafunsa za kuika ka ® padzina la saluni yanu: musayerekeze kuika ka R kozunguliridwako musanagwire satifiketi ya chizindikiro cha malonda m'manja. Ine mpaka lero ndikakaona pabotolo mtima umandiwawa.

Ndinkapanga chiponde. Dzina la bizinesi ndinali nditalembetsa, ndiye mnyamata wondipangira masitika anati, "Mayi, tiikepo ka ® zioneke zapamwamba." Ndinavomera. Sindinkadziwa kuti kulembetsa bizinesi ndi kwina, kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi kwinanso.

Tsiku lokapereka katundu kushopu, nditatsika minibasi ndi makatoni awiri, thukuta lili kamukamu, bwana wa pashopupo anatembenuza botolo, n'kuloza ka R kaja ndi chikhadabo. "Satifiketi yake ili kuti?" Ndinatulutsa pepala la bizinesi lija monyadira. Anangopukusa mutu, n'kusolola m'dirowa kalata ya loya. Dzina langa lomwelo munthu wina anali atalilembetsa kale. Ndani? Mlamu wanga, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kukazinga mtedza, ankadya nsima pakhomo panga! Atsikana a patilu onse maso ali pa ine. Usiku umenewo ine ndi ana tinachezera kumatula masitika ndi madzi ofunda ndi mpeni, ulimbo uli thoo m'zala. Pamaliro mlamu uja amandipatsabe moni, alibe ndi manyazi omwe. Wamasitika uja naye foni anasiya kuyankha.

Ka ™ mutha kuika ngakhale lero, kamangouza anthu kuti dzinali mukulitenga ngati lanu. Ka ℠ ndi chimodzimodzi koma ka ntchito zothandiza anthu, ngati saluni yanuyo, ngakhale kuti amakakonda kwambiri ndi ku America. Ka ® n'kapokhapokha a ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda atavomereza. Lamulo la 2018 limalola kulembetsa ngakhale zizindikiro za ntchito ngati yanuyi, ndipo satifiketi imakhala zaka 10. Magulu a katundu ndi ntchito olembetsera alipo 45, chiponde chili gulu 29, ndiye mukalembetsa gulu lolakwika mwataya ndalama. Komanso satifiketi ya kuno ku Malawi ndi ya kuno basi, sigwira ku Joni. Mayiko ena a mu Africa mutha kudzera ku ARIPO, bungwe lolembetsa zizindikiro za malonda lomwe lili ku Harare.

Koma kunena zoona, ka ™ ineyo sikakanandipulumutsa kwa mlamu uja. Kalembetseni kaye musanapachike chikwangwani. Ngakhale, zimatenga miyezi, ndipo lendi sadikira, ndiye tsegulani saluniyo muzipeza ya fomu. Bola dzinalo musaliuze wachibale aliyense mpaka risiti ili m'chikwama.