Trout yopanda kachipsepse kakumsana: yakwawo kapena yobwera?

Mwa makalata amene ndalandira pa imelo sabata ino, ina yachokera kwa bambo amene angoyamba kuwedza ndi ndodo. Akuti anakola nsomba ziwiri za trout pamtsinje umodzi, ina ili ndi kachipsepse kakang'ono pakati pa chipsepse chakumsana ndi mchira, ina ilibe. Mnzawo anati ndi mitundu iwiri yosiyana, natinso nsomba ndi nsomba basi, zilibe kanthu kuti inabadwira pomwepo kapena anachita kudzaithira. Iwo akufuna kudziwa kuti akulondola ndani.

Bambo, pa nkhani ya kachipsepseko mnzanuyo walakwa. Trout iliyonse imabadwa nako. Mukaona kalibe ndipo pamalopo pali chipsera chosalala, nthawi zambiri ndiye kuti anakadula dala nsombayo ili yaing'ono kumalo oswetsera mazira, kuti izidziwika kuti ndi yowetedwa. Ku America, m'zigawo za Washington ndi Oregon, amachita zimenezi kwambiri, ndipo m'mitsinje yambiri kumeneko lamulo limakulolani kutenga yodulidwayo koma inayo muibwezere m'madzi. Onaninso zipsepse zinazo. Yokulira m'thanki yothithikana imakhala ndi zipsepse zoperepeseka, mchira wobulungira m'makona, pomwe yokulira mumtsinje zake zimakhala zathunthu, zakuthwa m'mphepete.

Mtundu wake muuzindikire poyang'ana mchira, musadalire maonekedwe a khungu chifukwa amasintha ndi madzi komanso nyengo. Rainbow trout ili ndi madontho akuda ambirimbiri mpaka kumchira, ndi mzera wofiirira m'mbali. Brown trout mchira wake ulibe madontho kapena ali ochepa chabe, ndipo m'thupi mumapezeka madontho ofiira ozunguliridwa ndi kamzera kotuwa. Mukadzakola nsomba ina yotchedwa bass, itsekeni pakamwa muone pothera nsagwada: ikapitirira diso ndi largemouth, ikalekezera pansi pa diso ndi smallmouth.

Koma chimene chandikhudza m'kalata yanu ndi mawu oti nsomba ndi nsomba basi. Awedzi ambiri amasakaniza zinthu ziwiri. Nsomba kubadwira mumtsinje sikutanthauza kuti mtsinjewo ndi kwawo. Rainbow trout kwawo ndi mitsinje yothira mu Pacific, kumadzulo kwa North America ndi mbali ya Kamchatka ku Russia. Brown trout ndi ya ku Europe ndi madera oyandikana nako. Inafika ku New Zealand mu 1867 ndi ku America mu 1883. Ndiye ngakhale trout yanu ija ya kachipsepse kathunthu ikhoza kukhala mdzukulu wa alendo. Ku New Zealand tinsomba takumeneko totchedwa galaxias tinatha m'mitsinje yambiri imene trout inalowamo, n'kutsalira kumtunda kwa mathithi kumene trout imalephera kukwera.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya nyanja ya Yellowstone ku America. Mu 1994 anatsimikiza kuti mwalowa lake trout, nsomba yaikulu yodya zinzake. Cutthroat trout, mwini nyanjayo, inachepa koopsa. Ndipo vuto silinathere m'madzi. Cutthroat imakwera timitsinje tosaya kukaikira mazira, ndipo zimbalangondo ndi mbalame zimaidikirira pamenepo. Lake trout imaikira m'nyanja momwemo ndipo imakhala mwakuya, kumene chimbalangondo sichingafike. Oyang'anira malowo akola lake trout mamiliyoni ndi maukonde kwa zaka zambiri, koma mpaka lero sanaimalize. Ku nyanja ya Victoria nako, Nile perch imene inathiridwa m'zaka za m'ma 1950 inachulukana m'ma 1980, ndipo mitundu yambiri ya tinsomba tosapezeka kwina kulikonse inasowa.

Sindikunena kuti kuthira nsomba n'koipa paliponse. Damu lokumbidwa ndi anthu, lopanda kolowera kapena kotulukira mtsinje, lithiridwe. Ana aphunzirepo kuponya mbedza, ndipo mitsinje ipumeko. Ineyo nsomba yanga yoyamba ndinaikola pamalo otere ndipo sindichita nazo manyazi. Ndikudziwanso kuti Nile perch yomweyo yapezetsa anthu ambiri ntchito. Chimene ndimakana ndi kuthira mlendo m'madzi amene eni ake akadalimo, chifukwa akakhazikika kumuchotsa n'kovuta zedi. Pamtsinje wa Rondegat ku South Africa, mu 2012, anachita kuthira mankhwala a rotenone pachigawo china kuti aphe smallmouth bass, ndipo pamenepo ndi pomwe tinsomba takumeneko tinayamba kubwerera.

Choncho musanabwerere kumtsinje wanuwo, funsani ofesi yoona za nsomba m'dera lanu kuti eni madziwo ndi mitundu iti. Mukakola imodzi mwa imeneyo, nyowetsani manja musanaigwire, chotsani mbedza ili m'madzi momwemo, muisiye ipite. Ndipo tinsomba tanyambo totsala m'ndowa musamatikhuthulire mumtsinje pochoka.