Achimwene a 2000D, musathamangire kamera ina, yambani ndi lenzi

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma ndinati ndiyankhe kukacha, poti nkhani yake si ya mizere iwiri. Mwati muli ndi Canon 2000D ndi malenzi awiri aja munagulira limodzi, 18-55mm ndi 75-300mm, ndipo mwayamba kujambula mpira Loweruka ndi Lamlungu. Koma zithunzi zambiri zikutuluka mwachimbuuzi, wosewera amene mumamufuna osaoneka bwino, pomwe masapota akumbuyo kwake akuoneka mpaka mano. Ndiye mukufunsa ngati ndalama mwasunga ija muiponye pa kamera yatsopano ya mirrorless, mtundu wamakono wopanda kalilole m'kati. Ena akuyankhani kale kuti gulani Sony basi, nkhani yatha. Ine ndikuti dekhani. Ndalamayo ipite ku lenzi, kamera ibwere pambuyo, ndipo musanatulutse ngakhale tambala pali zina zoti mukonze pa kamera muli nayoyo.

Chimbuuzi chili mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Tsegulani zithunzi zanu pa kompyuta muzikulitse. Ngati mpira ukuoneka ngati uli ndi mchira, miyendo ya osewera yafufutika koma udzu ndi mizere yoyera zili bwinobwino, ndiye kuti shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, inali yochedwa. Pa mpira wamiyendo musatsike pa 1/1000 ya sekondi. Mukafuna kuti mpira womenyedwa mwamphamvu uime nji m'malere, kwerani mpaka 1/1600 kapena 1/2000. Mwayi wathu kuno ndi wakuti masewero ambiri a ligi yaikulu amayamba cha m'ma 2:30 masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa dzuwa lotero f/5.6 (kukula kwa bowo la lenzi, nambala ikachepa bowo limakula) ndi ISO 400 (mmene kamera imamvera kuwala) zimakufikitsani pafupifupi 1/3200 popanda vuto. Chotsani kamera pa chizindikiro chobiriwira chija cha auto, ikani pa Tv kapena M pamene liwiro la shutter mumasankha nokha, ISO muisiye iziyenda yokha. Kukachita mitambo musaope ISO 1600 kapena 3200. Chithunzi cha timadontho mkonzi wa nyuzipepala amatenga, chofufutika amataya.

Mtundu wachiwiri ndi umene mwadandaulawo, masapota kuoneka bwino wosewera ayi. Pamenepo focus yaphonya munthu. Ndikukayikira kuti kamera yanu ili pa One Shot, imene imagwira malo amodzi n'kuima pomwepo, pomwe wosewera wathamanga kale mamita atatu. Isintheni ikhale pa AI Servo, imene imamutsata munthu akamayenda, a Nikon ndi a Sony amati AF-C. Kenako musalole kamera kusankha yokha pa timadontho 9 ta focus timene ili nato. Sankhani kapakati kokha, chifukwa pa 2000D ndi kokhako kamene kali cross-type, ndiko kakuthwa kuposa tinzake. Kaikeni pachifuwa cha wosewera pamene pali nambala kapena dzina la kampani, muzimutsata chala chili chodina theka. Izi zokha, popanda kugula kanthu, zipulumutsa zithunzi zambiri.

Tsopano lenzi. 75-300mm ija ndiinene mosabisa, si ya mpira. Ndi lenzi yakale, mtundu wachitatu wakewo unatuluka mu 1999, kamota kake kamayenda ngati ngolo ya ng'ombe, ndipo ikafika pa 300mm, pamene mumaifunitsitsa, chithunzi chimafewa. Mutaimanga pa kamera ya mamiliyoni angati, ulesi wake sungathe. N'chifukwa chake ndikukaniza zoyamba ndi kamera. Ngakhale Canon 55-250mm STM, yotsika mtengo, imaposa iyi pa kuthwa ndi pa liwiro la focus, ngakhale ndi yaifupi pang'ono.

Kuti musankhe bwino, ganizani za kukula kwa bwalo. Bwalo la mpira lovomerezeka pa masewero akuluakulu ndi mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi. Sensor ya kamera yanu, kachipangizo kolandira chithunzi, ndi yaing'ono, ya APS-C, ndipo zimenezi pa masewero ndi phindu. Nambala ya lenzi mumaichulukitsa ndi 1.6, kotero 200mm imaona ngati 320mm pa full-frame (kamera ya sensor yaikulu), 400mm ngati 640mm. Pa Nikon ndi Sony ndi 1.5. Kunena mwachidule, ndi 200mm wosewera amadzaza chithunzi ali pa mamita 30 kapena 35 kuchokera pamene mwakhala. Mukakhala kuseri kwa golo, ndiye kuti bokosi lonse ndi kutsogolo kwake pang'ono ndi kwanu. Ndi 400mm mumafika kupitirira mzere wapakati. Zigoli, mapenate, ma kona, goloboyi kuuluka, zonsezi zimachitikira m'dera la 200mm. Amene akukuuzani kuti mugule full-frame sakukuuzani kuti mudzafunanso lenzi yaitali kwambiri kuti mubweze mtunda umene mwatayawo.

Ine n'takhala inu, ndi ndalama za munthu woyamba, ndikanasaka Canon 70-200mm f/4L yogwiritsidwapo kale ntchito, yoyera ija yopanda IS. Ndi yopepuka, magalamu 700 ndi pang'ono, mota yake ya USM imagwira munthu msangamsanga, ndipo ndi yakuthwa kuyambira pa f/4 pomwe. Za IS zisakusokonezeni. Ogulitsa amakonda kuitchula kuti akweze mtengo, koma ntchito yake ndi kuletsa kunjenjemera kwa manja anu, osati kuimitsa winga amene akuthamanga. Pa 1/1000 manja anu alibe mlandu. Ngati thumba likulola, 70-200mm f/2.8 ndiye khasu lenileni la ojambula masewero dziko lonse, ya Canon kapena ya Sigma kapena ya Tamron G2. Imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri poyerekeza ndi f/4, ndi kanayi poyerekeza ndi f/5.6 ya lenzi yanu ikafika kumapeto. Kusiyana kumeneku masana simukuona, koma dikirani tsiku limene masewero a chikho afika pa mapenate dzuwa likulowa, kapena masewero a usiku pa Bingu magetsi ali oyaka. Pamenepo wa f/2.8 akujambula pa ISO 3200, inu mukufunika 12800, ndipo 2000D ikafika kumeneko zithunzi zimakhala ngati mchenga. Phindu lina la f/2.8 ndi lakuti imasungunula zakumbuyo, zikwangwani za malonda ndi anthu ogulitsa zakumwa osalimbirana maso ndi wosewera.

Pali malenzi aatali amene anyamata ambiri amawasirira, Sigma 150-600mm Contemporary, Tamron 150-600mm, ndi kwa a Nikon 200-500mm f/5.6. Ndi abwino ndithu pa dzuwa, ndipo ngati mumajambulira pamalo a masapota mulibe kuchitira mwina. Pa Bingu makamaka, poti pakati pa bwalo ndi mipando pali njira ya othamanga, 200mm kuchokera kumipando imangokupatsani tianthu ngati nyerere. Koma dziwani kuti Sigma ndi Tamron zikafika kumapeto zimakhala pa f/6.3, ndi zolemera makilogalamu pafupifupi awiri, ndipo mpira ukabwera pafupi nanu 150mm imakhala yayitali kale, mumangojambula phewa la munthu. Ndi lenzi yachiwiri, osati yoyamba. Ina imene anthu amaiiwala ndi Canon 400mm f/5.6L ya mu 1993. Ilibe zoom, ilibe IS, koma focus yake ndi ya liwiro ndipo imanyamulika. Ija mumaiona pa TV pa World Cup, yaikulu ngati mtondo, ndi 400mm f/2.8. Imeneyo tiziyionera patali, mtengo wake ndi wa galimoto.

Lenzi ikapezeka, mudzayamba kuona malire a 2000D. Imajambula zithunzi 3 pa sekondi. Wosewera akadumpha kumenya mpira ndi mutu, chithunzi choyamba mpira usanafike, chachiwiri wapita kale. Pamenepo ndiye pokambirana za kamera. Kwa munthu wa malenzi a Canon, yoyenera kusaka ndi 7D Mark II ya mu 2014: zithunzi 10 pa sekondi, timadontho ta focus 65 tonse ta cross-type, thupi lolimba lotchinga fumbi ndi mvula yowaza. Ili ndi ma megapixel 20 okha, ochepa kuposa 24 a kamera yanu, ndipo izi zikuuzeni kuti nambala imeneyo pa mpira ilibe ntchito kwenikweni. 7D yoyamba ya mu 2009 imafika 8 pa sekondi ndipo imatsika mtengo kwambiri, koma kukada imavutika. Kwa anzathu a Nikon amene akuwerenga, D500 ya mu 2016 ndiye mfumu, 10 pa sekondi ndi timadontho 153. Zinthu ziwiri zoti mudziwiretu za 7D Mark II: mabatire anu a LP-E10 sakwana, imafuna LP-E6N, ndiponso ilibe Wi-Fi m'kati mwake pomwe 2000D ili nayo, ndiye ngati mumatumiza zithunzi pa foni nthawi yopuma mudzafunika ka card reader kolumikiza ku foni.

Sindikunyoza mirrorless, ayi. Canon R7 ndi R10, zonse za mu 2022, zimafika 15 pa sekondi ndipo zimatsata nkhope ndi diso la munthu zokha, chinthu chimene ife tinazolowera DSLR, makamera a kalilole ngati yanuyo, tinkachiona ngati matsenga. Ndipo apa ndi pamene nzeru yoyamba ndi lenzi imapindulira: lenzi ya EF, mtundu wokwana pa 2000D yanu, imene mungagule lero idzagwira bwino pa R7 ndi adapter ya EF-EOS R. Simutaya kanthu. Koma mukagula R10 lero ndalama zonse n'kuthera pomwepo, mudzaimangirira 75-300mm yomweyo, ndipo mudzabwera m'gulu muno kudzafunsa funso lomweli. Mukadzafika kumeneko samalani ndi electronic shutter, yojambula popanda kachitseko kuyenda. Pa makamera awiriwa imawerenga sensor pang'onopang'ono, mpira womenyedwa mwamphamvu umatuluka ngati dzira. Pa mpira gwiritsani mechanical shutter, ya kachitseko. Mabatire nawonso amatha msanga, ndipo ndi mmene magetsi amatichitira kuno, atatu si ochuluka.

Pogula zogwiritsidwapo kale ntchito tsegulani maso, kaya ndi za m'tauni momwe muno kaya mwatuma m'bale ku Johannesburg. Ine ndinapsapo. Ndinagula 300mm kwa munthu wina madzulo, tili pa khonde la shopu, ndinangojambula galimoto ziwiri n'kuona kuti zili bwino, ndalama n'kupereka. Kukacha ndikuunika ndi tochi ya foni, m'kati mwa galasi muli tiulusi toyera ngati ukonde wa kangaude. Chinali chuku, chimene ojambula amati fungus, chimamera lenzi ikasungidwa pachinyezi nyengo ya dzinja. Dzuwa likakhala kutsogolo zithunzi zonse zinkatuluka ngati kuli utsi, ndipo foni ya mkulu uja sinapezekenso. Ndiye chotsani zivindikiro zonse, unikani mbali zonse ziwiri. Tifumbi pang'ono si vuto, ulusi ndi nkhungu ndiye zokana. Imangeni pa kamera yanu, muuze mwana athamange kubwera kwa inu, mujambule pa AI Servo muone zingati zagwira. Mvetserani mota ngati ikulira modabwitsa. Pa kamera funsani shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene yajambula. 7D Mark II ndi D500 anazipangira kufika 200,000, ndipo kamera ya munthu wa masewero imadya zithunzi mazanamazana pa gemu imodzi, ndiye yooneka yatsopano kunja ikhoza kukhala nkhalamba m'kati.

China chimene palibe shopu imagulitsa ndi pokhala. Ambiri oyamba amaima pakati m'mbali mwa bwalo n'kumathamangathamanga ndi mpira, mapeto ake zithunzi za misana. Ngati akulolani kulowa, khalani pansi kuseri kwa mzere wa golo, pakati pa golo ndi mbendera ya kona, mbali imene timu mukuifunayo ikumwetsera. Osewera azibwera kwa inu nkhope zikuoneka. Khalani pa kampando kakafupi kapena pa kreti, chifukwa mukajambula muli pansi wosewera amaoneka wamphamvu ndipo akadumpha mumaona mpata pakati pa nsapato ndi udzu. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Onaninso kumene kwakhala masapota a timuyo, chifukwa womwetsa chigoli amathamangira komweko. Chigoli chikalowa musatsitse kamera kuyang'ana kumbuyo kwake ngati mwagwira, chisangalalo chija ndicho chimagulitsidwa. Pa Kamuzu Stadium mu Okutobala, kapeti ija ikatentha mpweya umavina pamwamba pake, ndipo zakutali zimafewa ngakhale lenzi ikhale yabwino bwanji. Musaitukwane lenzi, dikirani mpira uyandikire. Pa mabwalo a fumbi a m'maboma musasinthe lenzi panja, ndipo m'chikwama musamasowe jumbo ndi mphira womangira mvula ikayamba.

Amayi ena anafunsa pansi pa funso lanu ngati zomwezi zingagwire pa netiboli. Panja masana, inde, ndipo 70-200mm imakwana bwalo lonse poti ndi la mamita 30.5 okha. Koma m'nyumba ngati ku Griffin Saenda kuwala kumachepa, f/4 imayamba kulephera. Kumeneko 85mm f/1.8, kapena 50mm f/1.8 yotsika mtengo ija, mutaima pafupi ndi golo, ikuchitirani zambiri kuposa zoom yayitali.

Loweruka likubwerali pitani ndi 75-300mm yomweyo, ndalama zikhale kaye m'thumba. Tv pa 1/1000, AI Servo, kadontho kapakati, zoom isapitirire 200mm, ndipo mukhale kuseri kwa golo mphindi 45 zonse osasuntha. Mukabwerako ikani muno zithunzi zitatu, chabwino chimodzi ndi zolakwika ziwiri, mulembe shutter, f ndi ISO ya chilichonse. Tikaziona tidzadziwa ngati mukufunika f/4 kapena mupirire miyezi ina kuti mufike pa f/2.8.