Nthenda ya amalinyero isathe ndi spelo imodzi

Funso: Ndimayendetsa masewera a Dungeons & Dragons (masewera oyerekeza nkhani, oseweredwa ndi madayisi), ndipo ndikufuna nthenda yamatsenga yogwira amalinyero. Vuto ndi loti wansembe wa gulu amachiza chilichonse ndi spelo (mawu amatsenga) yotchedwa Lesser Restoration. Nditani?

Yankho: Bwerekani zizindikiro za scurvy, matenda enieni obwera posowa vitamini C: nkhama kutuluka magazi, mano kugwedera, zipsera zakale kutumbukanso. Onjezani zamatsenga, monga mchere kumera m'zikhadabo komanso wodwala kumva nyanja ikumuitana usiku.

Chombo chikatha masiku 10 osaona mtunda, aliyense aponye d20 (dayisi ya mbali 20) ya Constitution (kulimba kwa thupi) m'mawa, DC 12 (apeze 12 kapena kuposa). Akalephera, akwere gawo limodzi la exhaustion (kutopa kwa thupi). Samalani, malamulo a 2014 ali ndi magawo 6 okha ndipo lachisanu ndi chimodzi ndi imfa, choncho aponye pakatha masiku atatu aliwonse. Kuponya tsiku ndi tsiku kungakumalizireni gulu musanafike padoko.

Wansembeyo musamumange manja, osewera amanyansidwa nazo. Speloyo ichize ndithu, koma gwero likhale m'chombo momwemo, mwina mbiya ya madzi yotembereredwa kapena mtembo wobisidwa pansi pa katundu. Wochira akamwanso madziwo, nthenda yabwerera. Komanso amalinyero 30 sangachire ndi maspelo awiri patsiku, ndiye wansembeyo asankhe yekha woyamba kumupulumutsa.

Mandimu achedwetse nthendayi, poti dokotala James Lind anaona mu 1747 kuti amachiza scurvy: wodya limodzi aponye madayisi awiri n'kutenga yaikulu. Kumbukiraninso kuti m'malamulo a 2014 paladin (msilikali wopatulika) wa level 3 sadwala, ndiye woyenera kutsikira kukafufuza mbiyazo.