Tifunseni: Moto wosazima pa zitsime za mafuta

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa TV chimoto chikulilima pamwamba pa chipaipi chachitali pamalo pokumba mafuta, akuti chimayaka usana ndi usiku kwa zaka. N'chiyani chimenechi? Mnzanga akuti makampaniwa tisamawanene poti amamanga masukulu ndi zipatala komwe akukumbako. Zoona zimenezi?
Wowerenga wanu

YANKHO: Zikomo awerengi athu. Chimene chikuyakacho ndi gasi. Mafuta akamatuluka pansi amabwera limodzi ndi gasi, ndiye kuti gasiyo amutsekere m'mapaipi, akagulitse kapena amupopere pansi pomwepo pamafunika ndalama zambiri, makampani ena amangoti bola kuyatsa basi. Nthawi zina kuotchako n'koyenera ndithu, makina akavuta presha n'kukwera amayenera kuotcha kuti pasaphulike. Koma moto woyaka chaka ndi chaka uja si wopewera ngozi ayi, n'kuumira ndalama.

World Bank inawerengera kuti mu 2023 dziko lonse linaotcha gasi wokwana makyubiki mita pafupifupi 148 biliyoni, patsogolo pali Russia, Iran ndi Iraq.

Koma nkhani imene imandiwawa ine ndi ya ku Niger Delta, dera lokumbako mafuta ku Nigeria. Lamulo la 1979 linati pofika 1984 zootcha gasi mwachisawawa zithe. Mu 2005 khoti la ku Benin City linagamula pa mlandu wa anthu a ku Iwherekan ndi kampani ya Shell kuti kuotchaku kukuphwanya ufulu wa anthu wokhala ndi moyo, koma mpaka lero moto ukuyakabe m'derali. Midzi ina usiku kulibe mdima, chiphokoso chake osagona nacho, mwaye pa madenga ndi pa mbewu, amayi ena mpaka amakayanika chinangwa pafupi ndi motowo chifukwa cha kutentha kwake, chonsecho m'nyumba zambiri magetsi mulibe pomwe gasi yemweyo akanatha kupanga magetsi. Mu utsimo mumakhala mankhwala otchedwa benzene, amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi, komanso gasi wina sapsa yense, gasi wotchedwa methane amathawira m'mwamba n'kumawonjezera kutentha kwa dziko.

Za mnzanuyo, sindikugwirizana naye. Sukulu ndi yabwino inde, chipatala n'chabwino, koma mwana amene akuphunzira m'kalasimo akupuma utsi wa kampani yomweyo, ndiye udindo woyamba ndi kuzimitsa motowo kaye, zinazo zibwere pambuyo. Ndipo asanene kuti n'zosatheka, Norway inaletsa kuotcha gasi kwa tsiku ndi tsiku mu 1971 ndipo mafuta ikukumbabe bwinobwino. Kusiyana kwake n'koti kumeneko boma silinyengerera, pomwe kwina chindapusa chimakhala chochepa moti kampani imaona kulipira kutchipa kusiyana n'kugula makina.

Mu 2015 maboma ndi makampani ambiri anasaina lonjezo la World Bank loti pofika 2030 asiye kuotcha kwa masiku onseku. Masiku ano masetilaiti amajambula moto umenewu usiku, ndiye kampani ikamati yachepetsa, zonena zakezo zingathe kuyerekezedwa ndi zithunzizo. Muwauze anzanuwo ayambire pamenepo.