Mesiya, Khristu ndi kuombola: mayankho kwa owerenga a ku Mangochi

Mayi wina wophunzitsa Sande sukulu ku Malindi walemba kuti: "Ana andifunsa ngati Khristu ndi chiwongo cha Yesu, monga timanenera Banda kapena Phiri. Nanga Mesiya ndi Khristu n'zosiyana?"

Mayi, anawo auzeni kuti Khristu si chiwongo, ndi dzina la udindo. Mesiya ndi Khristu ndi liwu limodzi m'ziyankhulo ziwiri: mashiach m'Chiheberi, Christos m'Chigiriki, ndipo onsewo akutanthauza wodzozedwa. M'Chipangano Chatsopano liwu loti Mesiya likupezeka kawiri kokha, pa Yohane 1:41 ndi 4:25, ndipo ponseponse wolembayo akulimasulira pomwepo kuti ndiye Khristu. Kuti ana amve msanga, yambirani pa zomwe amaona m'mawa uliwonse. Munthu amadzola mafuta yekha, koma mwana amachita kumudzoza. Wodzozedwa sadziika yekha pa udindo. Samueli anatenga nyanga ya mafuta n'kudzoza Davide pamaso pa abale ake, monga tikuwerengera pa 1 Samueli 16:13. Mafumu ndi akulu a ansembe ankadzozedwa, ndipo pa Yesaya 45:1 ngakhale Koresi, mfumu ya Perisiya yomwe sinali Myuda n'komwe, akutchedwa wodzozedwa wa Mulungu. Polemba pa bolodi samalani: mmodzi ndi wodzozedwa, ambiri ndi odzozedwa. Ambiri masiku ano akumeza w uja, mpaka wowerenga sadziwa ngati akunena munthu mmodzi kapena gulu.

Wophunzira wa Fomu 3 ku Namwera akuti: "Ndinalemba kuti Ayuda akudikirabe Khristu, aphunzitsi n'kudula mzere pansi pake. Ndalakwa pati, poti mawuwa ndi amodzi?"

Aphunzitsi ako sanakulakwire. Gwero la mawu ndi lina, kagwiritsidwe ntchito kake ndi kenanso. M'Chichewa cha lero ukati Khristu aliyense amamva Yesu wa ku Nazarete, choncho chiganizo chako chikumveka ngati Ayuda akudikira kubweranso kwa Yesu, pomwe chipembedzo chawo sichimuvomereza kuti ndiye wolonjezedwayo. Lemba kuti Ayuda akudikira Mesiya. Amene akumudikira ndi munthu, mfumu ya m'banja la Davide, osati Mulungu wosanduka munthu. Maimonides, mphunzitsi wawo wamkulu amene anamwalira mu 1204, analemba kuti adzadziwika ndi ntchito zooneka: kumanganso Kachisi ku Yerusalemu, yemwe Aroma anagwetsa m'chaka cha 70 AD, ndi kusonkhanitsa Aisiraeli obalalika. Akhristu amati Mesiya anabwera kale, anazunzika monga amawerengera Yesaya 53, ndipo zotsalazo adzazikwaniritsa pobweranso. Ayuda ambiri amawerenga mutu womwewo kuti mtumiki wozunzikayo ndi mtundu wa Isiraeli. Anzako achisilamu a m'kalasimo ali ndi liwu lomweli: Qur'an pa Sura 3:45 imamutcha Isa mwana wa Mariamu kuti al-Masih, koma kwa iwo ndi mtumiki wa Mulungu, osati mwana wake. Ndiye ukalemba Mesiya, tchula kuti ukunena malinga ndi chikhulupiriro cha ndani.

Bambo wina wa ku Monkey Bay, amene amalalikira pa maliro, afunsa: "Salimo 130:7 limati kwa Mulungu kuli chiombolo chochuluka. Kodi ndingangoti chipulumutso, poti ndi lomwe anthu analizolowera?"

Bambo, mukatero anthu amva ndithu, koma mutaya theka la nkhani. Mwera ukagubuduza bwato, amene wakuvuulani m'madzi wakupulumutsani. Sanalipire kanthu, wangokuchotsani pa ngozi. Koma msodzi akaika injini ya boti chikole kwa wakatapila, n'kulephera kubweza pa tsiku lomwe anagwirizana, mchimwene wake amapita ndi ndalama kukaiombola. Mbuzi ikagwidwa m'munda wa eni, mwiniwake amakaiombolanso. M'kuombola muli zinthu zitatu: chinthucho chinali ndi mwini wake kale, chagwidwa m'manja mwa wina, ndipo pali cholipira kuti chibwerere. Cholipiracho ndiye dipo, liwu lomwe likuimira lytron ya Chigiriki pa Marko 10:45.

Apa Chichewa chili pafupi kwambiri ndi Chiheberi. Pa Levitiko 25:25 ndi 25:47-49, munthu akasauka n'kugulitsa munda wake kapena kudzigulitsa yekha, wachibale wapafupi, wotchedwa go'el, ndiye anali woyenera kukamuombola. Boazi anachita zomwezo pa Rute 4. Salimo lanulo lili ndi liwu lina, pedut, lochokera ku padah, lomwe limatsindika za kumasula polipira. Mpaka pano Ayuda amaombola mwana wamwamuna woyamba kubadwa akatha mwezi umodzi, popereka ndalama zisanu zasiliva kwa munthu wa m'banja la ansembe, motsatira Numeri 18:16. Chodabwitsa n'chakuti Salimo 130 silitchula mtengo. Lingoti chiombolocho n'chochuluka, ndipo vesi 8 likuti Mulungu mwini adzaombola Isiraeli ku mphulupulu zake zonse. Yesaya 52:3 amafika ponena kuti adzaomboledwa popanda ndalama. Akhristu amawerenga pamenepa pamodzi ndi 1 Petro 1:18-19, pomwe dipo si siliva kapena golide koma magazi a Khristu. Ayuda sawerenga choncho: kwa iwo Mulungu amakhululukira wolapa, ndipo chiombolo chomaliza ndi kumasuka kwa mtundu wonse ku ukapolo wa m'mayiko a eni.

Mukamalalikira, musasiye liwu loti kuombola lili lokha. Nenani kuti waomboledwa kwa ndani kapena ku chiyani, ndipo ndi dipo lanji. Za kalembedwe musavutike nazo: kuombola ndi kuwombola zonse zimapezeka m'mabuku, bola musankhe chimodzi m'chikalata chonse. Koma lilime lisaterereke n'kunena kuti kuombeza, chifukwa pamenepo mwawatumiza anamfedwa kwa sing'anga wa ula.