Agwape Sanathe, Achimwene

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake alenje kuno ku Wisconsin, ku America, akupha agwape ochepa masiku ano. Kutsikako n'koonadi: mu 2000 anapha agwape opitirira 600,000, pomwe zaka zaposachedwa chiwerengero chikuzungulira theka la pamenepo. Komatu sikuti nyama zatha.

Kumpoto n'kumene kwavuta. Chisanu cha 2013 mpaka 2014 chinapulula agwape ambiri, ndipo nkhalango zakula mwakuti tchire lanthete loti adye lachepa. Anzanga osaka nawo amaloza chala mimbulu. Inde imadya, koma ine ndimati akuisenzetsa katundu yense chifukwa siyankha.

Kummwera agwape ali mbwee, ena mpaka kudya maluwa pakhomo. Vuto n'loti malo ambiri ndi a eni ake, sungangolowa ndi mfuti. Alenjenso akukalamba, achinyamata sakulowa m'malo. Lamulo lokakamiza mlenje kupha kaye wamkazi asanawombere tonde linathetsedwa mu 2011, ndiye ambiri amangodikira wa nyanga zikuluzikulu. Matenda a CWD, owononga ubongo wa agwape, omwe anapezeka kuno mu 2002, nawonso anatayitsa ena chidwi ndi nyamayi.

Nyengo yaikulu yosaka ndi mfuti ndi masiku 9 okha, kuyambira Loweruka lomaliza chikondwerero cha Thanksgiving, cha kumapeto kwa November, chisanafike. Nyengoyi ikachedwa, matonde amakhala atasiya kuthamangitsa akazi, sayendayenda. Chaka china ndinakhala mumtengo masiku atatu, zala zitauma gwa, osaona kanthu. Agwape anali phee m'munda woyandikana nafe, momwe chimanga chinali chisanakololedwe.