Kodi munthu amakwera bwanji mpaka pampando waukulu wa United Nations?

Mtsikana wina amene wangomaliza digiri wandilembera imelo. Akufunsa ngati akuluakulu a mabungwe a dziko lonse amafika pamwamba chifukwa cha maphunziro kapena chifukwa chodziwana ndi anthu.

Achemwali, ndikuyankheni ndi moyo wa Kofi Annan wa ku Ghana, amene anakhalapo mlembi wamkulu wa United Nations. Anayamba mu 1962 ku WHO, bungwe la zaumoyo la United Nations, ku Geneva, ngati wogwira ntchito ya bajeti, paudindo wotsika. Ntchito yake inali ya manambala ndi mafayilo, yosaoneka pa TV. Patapita zaka anayang'anira nkhani za ogwira ntchito m'bungwe lonse la United Nations, kenako zachuma. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anaphunzirira bungwelo mkati ndi kunja. Munthu amene wakhala ndi buku la ndalama amadziwa ofesi imene ikugwiradi ntchito ndi imene ikungodya.

Mu 1993 anapatsidwa dipatimenti ya asilikali osungitsa mtendere. Chaka chotsatira ku Rwanda kunaphedwa anthu pafupifupi 800,000. Mu Januwale 1994, mkulu wa asilikaliwo ku Rwanda, Roméo Dallaire, anatumiza chenjezo ku likulu la bungwelo ku New York kuti kwabisidwa zida, koma ofesi ya Annan inamuletsa kukazilanda. Annan mwiniwake anadzavomera kuti akanatha kuchita zambiri. Musaiwale zimenezi mukamasirira mpandowo. Siginecha ya pamwamba imakhudza miyoyo ya anthu.

Tsono za kudziwana. Pansi pali khomo loonekera. Kuli mayeso olowera ntchito a Young Professionals Programme, a anthu osapitirira zaka 32, okhala ndi digiri komanso odziwa bwino Chingelezi kapena Chifalansa, ndipo mayiko ololedwa kulemba amasintha chaka ndi chaka. Koma pamwamba penipeni ndi ndale za mayiko. Mlembi wamkulu amasankhidwa ndi General Assembly, msonkhano wa mayiko onse a m'bungweli, koma dzina limachokera ku Security Council, khonsolo ya zachitetezo ya mayiko 15, kumene mayiko asanu aliyense akhoza kukana yekha nkhani n'kuthera pomwepo. Mu 1996 mayiko 14 a m'khonsoloyi anafuna kuti Boutros Boutros-Ghali, mlembi wamkulu wa nthawiyo, apitirize, America inakana, iye anachoka. Annan analowa mu Januwale 1997, woyamba kukwera kuchokera pakati pa antchito a bungwelo, patatha zaka 35 chiyambireni pa tebulo la bajeti ku Geneva.

Inuyo yambani ndi Chifalansa, ndipo mukapatsidwa ntchito ya maakaunti musainyoze.